MIPANDA YA MLIMI: PHUNZIRO LA KUWERENGERA MVULA ISANAGWE

Mwezi wa Okutobala ukafika m'dziko la Chongwe, kum'mawa kwa Lusaka, nthaka iri gwa, madzi a mumtsinje acepa, ndipo maso a anthu onse ali kumwamba. Ndiyo nyengo imene Asoli a kwa mfumu yaikuru Nkomeshya asonkhana ku mwambo wao wa Chakwela Makumbi kukapempha mvula, ndi imene Akristu m'mipingo yao apempherera mbeu. Ndiyonso nyengo imene mwini munda ali yense ayenera kuyankha funso lolemera: kodi m'munda muno mudzabzalidwa ciani, ndipo mbeu iri yonse idzatenga malo otani? Funsoli liyankhidwa m'masiku owerengeka, koma yankho lace likhala ndi banja caka cathunthu. Wolakwa pa Novembala azindikira kulakwa kwace pa Febuluwale wa caka cinaco, pamene nkhokwe iri pululu ndipo ana agona ndi njala.

Ambiri angobzala monga anabzala caka catha, osaganiziranso. Ena amva kumsika kuti mbeu yakuti yakwera mtengo, nadzaza nayo munda wonse. Koma pofika Januwale udzu wawapambana, ndipo cimene anayembekeza kukolola catsamwa m'chire. Enanso afuna zonse pamodzi, naiwala mwambi wa makolo wakuti, ici cakoma ici cakoma, pusi anagwa cagada. Pa Luka 14 Ambuye Yesu anaphunzitsa za munthu womanga nsanja, amene anthu anamseka cifukwa anaika maziko asanadziwe ngati cuma cace cidzakwana. Cifukwa cace kuwerengera sikutsutsana ndi cikhulupiriro iai. Ndiyo nchito ya kapitao wokhulupirika pa zimene Mwini wace anamsungitsa.

I. KUMENE NZERU IMENEYI INACOKERA

Pali njira ya masamu yothandiza munthu kusankha bwino pamene zinthu zace ziri zoperewera. M'Cingerezi aicha linear programming, ndiko kunena kulinganiza nchito ndi mizere yoongoka.

M'caka ca 1938, ku mzinda wa Leningrad m'dziko la Russia, anthu opanga matabwa opyapyala omatikiza anafika ndi bvuto lao kwa mphunzitsi wa masamu, dzina lace Leonid Kantorovich, amene anali ndi zaka 26 zokha. Anali ndi makina angapo ndi mitengo ya mitundu ingapo, ndipo makina ali onse anagwira msanga pa mtundu wina nacedwa pa mtundu wina. Anafuna kudziwa magawidwe a nchito akuti matabwa acuruke koposa. Kantorovich anaona kuti funso lomwelo libisala m'nchito zambiri: pogawa minda, potumiza akatundu, podula nsaru kapena zitsulo kuti zotaika zicepe. M'caka ca 1939 analemba kabuku kofotokoza njira yace. Ku America, m'caka ca 1947, George Dantzig, amene analinganiza nchito za ankhondo a m'ndege, anafika pa nzeru yomweyo payekha, napeza njira yofulumira yochedwa simplex. M'caka ca 1975 Kantorovich analandira mphotho ya Nobel pamodzi ndi Tjalling Koopmans cifukwa ca nchito imeneyi.

Masiku ano makompyuta awerenga masamu otere okhala ndi zosankha zikwi zambiri. Osakaniza cakudya ca nkhuku ndi nkhumba apeza nao msanganizo wochipa umene ukhutitsabe ciweto, ndipo eni ndege zonga zimene zitera pa bwalo la Kenneth Kaunda, m'dziko lomwelo la Chongwe, agawa nao anchito ao pa maulendo. Koma ngati zosankha ziri ziwiri zokha, kompyuta siifunika. Cingwe, zikhomo ndi bwalo losesedwa zikwanira.

II. ZINTHU ZITATU

Funso liri lonse la mtundu umenewu liri ndi mbali zitatu, ndipo wofuna kuwerengera ayambe wazilekanitsa.

Coyamba ndico cosankha, ndiye kuti cinthu cimene ciri m'manja mwa munthu kucicurukitsa kapena kucicepetsa, monga malima a cimanga ndi malima a nshawa.

Caciwiri ndico colinga, cinthu cimodzi cimene munthu afuna kuti cikule koposa, monga phindu, kapena kuti cicepe koposa, monga ndalama zotaya.

Cacitatu ndiyo mipanda, malire amene munthu sangathe kapena sayenera kuwalumpha. Mipanda yina iletsa kupitirira, monga ukuru wa munda. Yina iletsa kuperewera, monga cakudya ca banja.

III. MUNDA WA MAI WAMASIYE

Citsanzo cidzaunikira zimenezi. Mawerengero ali m'munsimu aikidwa kuti masamu akhale opepuka. Sindiwo mitengo ya kumsika, ndipo mlimi ali yense ayenera kuikapo ace a iye mwini.

Mai wina wamasiye akhala ndi ana ace awiri akulu ndi adzukulu ang'ono. Munda wace uli ndi malima 8. Lima ndiyo gawo limodzi la magawo anai a hekitala, mamita 50 m'litali ndi mamita 50 m'mimba mwace. Cotero munda wonse ndiwo mahekitala 2. Afuna kubzala cimanga ndi nshawa, zimene ena azicha mtedza. Atacotsa ndalama za mbeu ndi fetereza, lima imodzi ya cimanga impatsa phindu la K2,000, ndi lima imodzi ya nshawa K3,000. Cimanga cimene banja lidzadya ciwerengedwa monga ngati cagulitsidwa, pakuti cikapanda kulimidwa cidzagulidwa.

Mipanda yace ndi inai.

Mpanda wa malo: cimanga ndi nshawa pamodzi zisapitirire malima 8.

Mpanda wa manja: nyengo yopalira, pakati pa Disembala ndi Januwale, iri ngati masabata 4, ndiwo masiku 28. Pocotsa masiku 4 a Mulungu, ndi ena 4 a maliro, matenda ndi mvula yosakata, atsala masiku 20. Ogwira khasu ndi atatu. Cotero banja liri ndi masiku a nchito 60. Lima ya cimanga ifuna masiku 5, koma lima ya nshawa ifuna masiku 10, popeza udzu wa m'nshawa uzulidwa mosamala kuti zisasokonezeke polowa pansi.

Mpanda wa fetereza: alangizi a zaulimi alangiza matumba 2 pa lima ya cimanga, limodzi la Compound D la pobzala ndi limodzi la urea la pamene cimanga cafika m'maondo. Ndalama za maiyu zifikira matumba 12. Cotero cimanga sicingapitirire malima 6. Nshawa zace adzabzala zopanda fetereza.

Mpanda wa nkhokwe: banja lifuna nsima kufikira masika ena, ndipo maiyu adziwa kuti cimanga ca malima osafika 3 sicidzakwana. Cotero cimanga cisacepere malima 3.

Anansi ace ampatsa uphungu wa mitundu iwiri. Wina ati, nshawa ndizo ziri ndi ndalama, abzale nshawa zokhazokha. Koma masiku 60 apalira malima 6 okha a nshawa. Phindu lidzakhala K18,000, malima 2 adzagonera, ndipo nkhokwe idzakhala yopanda kanthu. Mnzace ati, Mzambia adya nsima, abzale cimanga cokhacokha. Koma fetereza afikira malima 6 okha, ndipo phindu lidzakhala K12,000. Uphungu uli wonse wayang'ana cinthu cimodzi nuiwala zinzace. Nzeru ya masamu awa ndiyo kuyang'ana mipanda yonse nthawi imodzi.

IV. KHOLA LA NGONDYA ZISANU

Wowerenga asese pabwalo, nakhome cikhomo. Kucokera pa cikhomoco alembe mzere wopita kum'mawa, naugawe mapazi 12. Phazi liri lonse ndilo lima imodzi ya cimanga. Alembenso mzere wopita kumpoto, naugawe mapazi 8. Phazi liri lonse ndilo lima imodzi ya nshawa. Tsono malo ali onse pakati pa mizere iwiriyi aimira kabzalidwe kamodzi. Munthu woyenda mapazi 5 kum'mawa ndi mapazi 2 kumpoto waima pa maganizo akuti cimanga malima 5, nshawa malima 2.

Tsopano amange mipanda ndi cingwe. Cingwe ca malo cicoke pa phazi la 8 kum'mawa kufikira phazi la 8 kumpoto. Cingwe ca manja cicoke pa phazi la 12 kum'mawa, pakuti masiku 60 apalira malima 12 a cimanga, kufikira phazi la 6 kumpoto, pakuti masiku omwewo apalira malima 6 a nshawa. Cingwe ca fetereza cicoke pa phazi la 6 kum'mawa, ciloze kumpoto. Ndi cingwe ca nkhokwe cicoke pa phazi la 3, cilozenso kumpoto. Zingwe zonse ziongoka cifukwa malima 2 afuna masiku a lima imodzi kawiri, ndi malima 3 katatu. Ndipo apa ndipo dzina la mizere yoongoka linacokera.

Zingwe zinaizi pamodzi ndi mzere wa kum'mawa zitsekera malo onga khola, okhala ndi ngondya zisanu. Kabzalidwe kali konse ka m'kati mwa kholalo nkotheka. Ka kunja kathyola mpanda wina. M'kati muli makabzalidwe osawerengeka, ndipo munthu akati awayese onse mvula idzampeza asanathe. Koma akatswiri anatsimikiza lamulo ili: phindu loposa lipezeka pa ngondya. Cotero kuyesa kasanu kukwanira.

Ngondya yoyamba: cimanga 3, nshawa 0, phindu K6,000.
Ngondya yaciwiri: cimanga 6, nshawa 0, phindu K12,000.
Ngondya yacitatu: cimanga 6, nshawa 2, phindu K18,000.
Ngondya yacinai: cimanga 4, nshawa 4, phindu K20,000.
Ngondya yacisanu: cimanga 3, nshawa 4 ndi theka, phindu K19,500.

Yankho ndilo ngondya yacinai: malima 4 a cimanga ndi malima 4 a nshawa. Munda wonse wabzalidwa, masiku onse 60 agwira nchito, nkhokwe yadzala, ndipo phindu lapambana uphungu wa anansi onse awiri.

Nanga cifukwa ninji pa ngondya? Wowerenga aime pa ngondya yacitatu, pamene pali cimanga 6 ndi nshawa 2. Pamenepo masiku ogwira nchito ndi 50, ndipo 10 atsala. Maiyu akasandutsa lima imodzi ya cimanga kukhala ya nshawa, ataya K2,000 nalandira K3,000, ndiye kuti wapindula K1,000, ndipo kusinthako kwadya masiku 5 mwa otsala aja. Ngati kusintha koyamba kwapindulitsa, kwaciwiri kudzapindulitsa cimodzimodzi; palibe cifukwa coimira pakati pa njira. Munthu apitirira kufikira mpanda wina utamletsa, ndipo pamene mipanda iwiri ikomana ndipo pa ngondya. Atasintha kawiri masiku atha, ndipo waima pa cimanga 4 ndi nshawa 4. Akafuna kuonjezabe nshawa ayenera kusiya lima yathunthu ya cimanga kuti apeze masiku 5, ndipo masiku 5 apalira theka lokha la lima ya nshawa. Ataya K2,000 nalandira K1,500. Pamenepo aleke, pakuti wafika.

Imeneyi ndiyo njira ya Dantzig. Munthu ayamba pa ngondya iri yonse, nayenda motsata mpanda kunka ku ngondya yoyandikana ya phindu loposa, nacita cotero kufikira ngondya zoyandikana zonse ziri zocepera. Kompyuta icita comweco ngakhale mbeu ziri 100 ndi mipanda 1,000, kumene cingwe ndi zikhomo sizingafike.

V. MTENGO WOBISIKA

Pano pali phunziro loposa onse. Pa ngondya yosankhidwa maiyu wagunda mipanda iwiri yokha, wa malo ndi wa manja. Fetereza afuna matumba 8 okha, ndipo ndalama za matumba 4 zatsala m'mpango. Cotero munthu akadza kudzamkongoza fetereza wina, sadzaonjeza phindu lace ngakhale ngwee imodzi, adzangomsenzetsa ngongole. Mpanda umene munthu sanaugunde sumpsinja, ndipo kuufutukula ndiko kutaya cuma.

Koma mpanda umene waugunda uli ndi mtengo wace wobisika, ndipo ndi bwino kuudziwa. Mbale wace akambwereka lima imodzi, munda ukhala malima 9. Powerenganso, ngondya yabwino ikhala cimanga 6 ndi nshawa 3, phindu K21,000. Cotero lima yoonjezayo mtengo wace kwa maiyu ndi K1,000. Osati K2,000 kapena K3,000 monga munthu angaganize, cifukwa manja opalira sanacuruke. Mwini malo akafuna K600 pa caka, abwereke. Akafuna K1,500, akane. Ndipo lima yaciwiri yoonjeza iribe phindu konse, pakuti pa cimanga 6 ndalama za fetereza zatha ndipo masiku athanso. Mpanda umene unali kutali tsopano wafika pamphuno.

Cimodzimodzi ndi ganyu. Maiyu akapeza munthu wompalirira masiku 5, akhoza kusintha lima inanso, nakhala ndi cimanga 3 ndi nshawa 5, phindu K21,000. Masiku 5 abala K1,000. Tsiku limodzi ndilo K200. Waganyu wofuna K100 pa tsiku ampindulitsa. Wofuna K250 amtayitsa. Ndipo kupyola masiku 5 ganyu aleka kupindulitsa, cifukwa cimanga cafika pa malima 3 ndipo mpanda wa nkhokwe uletsa kucicepetsanso.

Wokonda masamu ayese ici: malima 8 pa K1,000 ndiwo K8,000, masiku 60 pa K200 ndiwo K12,000, pamodzi K20,000, ndilo phindu lomwe lija. Sizinangocitika mwamwai. Nthawi zonse phindu la pa ngondya yabwino ligawika lonse pa mipanda imene munthu waigunda, ndipo imene sanaigunde siilandira kanthu. Kantorovich anaona kuti mitengo yobisika imeneyi ndiyo mtima wa nkhani yonse.

Alimi ambiri adandaula za fetereza caka ndi caka, ndipo kwa ambiri dandaulo limeneli ndi loona. Koma pali mabanja ena amene bvuto lao leni leni ndilo manja a pa Januwale, ndi ena amene bvuto lao ndilo malo. Banja losadziwa mpanda umene ulipsinja lithamangira mankhwala a nthenda imene silidwala.

VI. MITENGO IKASINTHA

Msika sukhala pamodzi, ndipo mlimi afunsa ngati yankho lace lidzaima. Kabzalidwe ka malima 4 ndi 4 kakhalabe kopambana malinga phindu la nshawa liri pakati pa K2,000 ndi K4,000 pa lima, cimanga ciri pa K2,000. Nshawa zikatsika kufika K1,500, ngondya yacitatu ipatsa K15,000 ndi yacinai K14,000. Pamenepo cimanga 6 ndi nshawa 2 ndiko kwabwino. Zikakwera kufika K5,000, ngondya yacisanu ipatsa K28,500 ndi yacinai K28,000. Cotero mbiri iri yonse ya kumsika siiyenera kugwedeza mtima wa mlimi. Kusintha kwakung'ono sikusuntha ngondya. Kwakukuru kokha ndiko kuisuntha.

VII. ZIMENE MASAMU SAONA

Masamu ayankha funso lokhalo limene afunsidwa. M'caka ca 1945 George Stigler wa ku America anafuna kupeza cakudya cochipa koposa cosunga mwamuna wamkuru ali wamoyo ndi wamphamvu caka cathunthu. Anatenga zakudya 77 ndi zofunika za thupi 9, nayesayesa kufikira anapeza ca madola 39 ndi masenti 93 pa mitengo ya 1939. M'caka ca 1947 alembi 9 anawerenga funso lomwelo ndi njira ya Dantzig pa timakina ta pamanja. Nchitoyo inadya masiku a nchito 120, ndipo yankho linali madola 39 ndi masenti 69. Stigler anaphonya ndi masenti 24 okha. Koma cakudya cace cinali ufa wa tirigu, mkaka wa m'citini, kabici, ndiwo zina zamasamba ndi nyemba zouma, tsiku ndi tsiku, caka conse. Masamu sanalakwe, koma palibe anawauza kuti munthu atopa ndi ndiwo imodzi. Cimene sicinalembedwe pa mipanda, masamu saciona.

Cotero mlimi akumbuke zinthu zinai.

Coyamba ndi mvula. Mawerengero a citsanzo cija ndi a caka cabwino. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cirala ndi tsoka la dziko lonse, popeza mwa mahekitala 2.2 miliyoni a cimanga pafupifupi 1 miliyoni anaonongeka. Wanzeru awerenge kawiri, kamodzi pa caka cabwino ndi kamodzi pa caka coipa, nasankhe kabzalidwe kosapha banja pa zaka zonse ziwiri. Akhozanso kuika mpanda watsopano, wakuti lima imodzi ikhale ya mapira, khobwe kapena cinangwa, zimene zipirira dzuwa. Phindu la caka cabwino lidzacepa pang'ono, ndipo kucepako ndiwo mtengo wa mtendere wa mumtima. Yosefe ku Aigupto anasunga limodzi la magawo asanu pa zaka za dzinthu zambiri, ndipo pa zaka za njala palibe anamyesa wopusa.

Caciwiri ndi nthaka. Masamu ayesa malima onse ofanana, koma mwini munda adziwa kuti kumunsi kuli dothi lakuda ndipo kumtunda kuli mcenga. Malo osiyana awerengedwe ngati minda iwiri. Ndiponso nshawa zisiya mphamvu m'nthaka imene cimanga ca caka cotsatira cidzadya, ndipo phindu limeneli silioneka m'masamu a caka cimodzi. Munda wogawidwa pakati uli ndi ubwino wakuti mbeu ziwirizi zikhoza kusinthana malo caka ndi caka.

Cacitatu nciakuti mipanda isunthika ndi nzeru. Ku Kasisi, misyoni imene Bambo Jules Torrend wa cipani ca Ajezuiti anayamba m'caka ca 1905, kunatsegulidwa sukulu ya zaulimi m'caka ca 1974, ndipo pambuyo pace inadziwika ndi ulimi wa manyowa ndi kompositi. Wophunzira ulimi wotere afutukula mpanda wa fetereza, koma kompositi afuna manja. Ngati nchitoyo icitika m'cilimwe, pamene makasu apumula, siikhudza masiku 60 aja. Momwemonso ng'ombe ndi khasu lace lopalira zicepetsa masiku a pa lima, ndipo khola lonse lisintha maonekedwe. Walira mvula walira matope: njira iri yonse yatsopano imasula mpanda wina nimangitsa wina, ndipo iyenera kuwerengedwa isanayambidwe.

Cacinai, ndico cacikuru: masamu sasankha colinga, ndipo saika mipanda. Zimenezi zicokera mumtima wa munthu. Mai uja anacotsa masiku a Mulungu asanayambe kuwerenga. Akadawaonjeza, anthu atatu akadapeza masiku 12, ndipo masamu akadamuuza mosacita manyazi kuti ena a masikuwo ali ndi phindu la K200. Anacotsanso masiku a maliro, pakuti wosalira maliro a anzace adzaikidwa ndi yani? Pa Levitiko 19 Mulungu analamula Aisrayeli kuti pokolola asamalize m'mphepete mwa minda yao, kuti waumphawi ndi mlendo apezepo cakudya. Umenewo unali mpanda woikidwa ndi Mwini nthaka, ndipo Rute ndi Naomi anapulumuka nao. Mkristu alembe copereka ca masika, thumba la nkhalamba ya pafupi ndi tsiku la kupumula pamodzi ndi malo ndi fetereza, monga mipanda yosalumphika. Atatero afunefune phindu lonse limene lingapezeke m'kati mwace, wopanda mantha ndi wopanda manyazi.

VIII. ZOYENERA KUCITA

Mvula isanagwe, banja likhale pansi pamodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga. Amai adziwa ufa umene nyumba idya pa mwezi. Anyamata adziwa masiku amene lima iwatengera. Mwana wa sukulu adziwa kucurukitsa ndi kugawa. Apime munda ndi cingwe, pakuti ambiri auyesa waukuru kuposa umene uli. Alembe mbeu ziwiri zazikuru, phindu la iri yonse pa lima, ndi mipanda yonse. Amange khola pabwalo, ayese ngondya, nafunse kuti mpanda umene wawagunda ndi uti. Pa masika alembe m'kope zimene zinacitikadi, masiku amene anapalira ndi matumba amene anakolola, kuti mawerengero a caka camawa akhale oona koposa a caka cino. Kubzala ndi kupalira ndi kwa munthu, kumeretsa ndi kwa Mulungu. Ndipo Iye amene anapatsa munthu khasu anampatsanso mutu.

MAFUNSO A M'MISONKHANO YA PAKATI PA SABATA

1. Chulani mbali zitatu za funso la mtundu umenewu.
2. Cifukwa ninji fetereza woonjeza sanathandize mai wamasiye uja?
3. Mwana wace mmodzi akapita ku Lusaka kukafuna nchito, masiku opalira atsala 40. Kodi maiyu abzale motani?
4. Ndi mipanda iti imene banja lacikristu liyenera kudziikira lokha, ngakhale palibe wolikakamiza?

YANKHO LA FUNSO LA 3

Cingwe ca manja cisunthe, cicoke pa phazi la 8 kum'mawa kufikira phazi la 4 kumpoto. Khola litsala ndi ngondya zinai. Ya cimanga 3 ndi nshawa 2 ndi theka ipatsa K13,500. Ya cimanga 6 ndi nshawa 1 ipatsa K15,000, ndiyo yopambana. Lima imodzi igonera. Manja akacepa cimanga cipambana, cifukwa tsiku la m'cimanga libala K400 ndi tsiku la m'nshawa K300. Kucoka kwa mnyamatayo kwacepetsa phindu la munda ndi K5,000, ndipo ndi bwino kuti iye ndi amace adziwe cimeneci asanakwere basi pa mseu waukuru wa kum'mawa.